Mphuno ya Woyesa Siliva

Zaka zisanu ndi ziwiri pamgodi wa ku Moatize
zinandisiyira fumbi la malasha kuseri kwa masaya.
Ndinabwerera ku Ulongwe ndi katebulo, kasikelo,
ndi chimfine chosadziwa nyengo.
Ndikawerama kutola ndolo yomwe yagwa
nkhope imalemera ngati andimangirira njerwa pamphumi,
mano akumwamba n'kumawawa, chibowo alibe.

Ndayesa zonse.
Masamba a bulugamu mumphika wowira,
bulangete kumutu, thukuta lili kamukamu.
Madzi amchere ofunda, kukoka ndi mphuno imodzi, kulavula.
Adyo wosinja mu uchi wa ku Tsangano.
Mapiritsi a kuchipatala, masabata awiri osadumphitsa.
Namwino anati ndisiye fodya, ndinasiya.
Anati ndipewe fumbi, ndinangoseka,
poti pamsika uno fumbi ndiye mwini malo,
ife tonse timachita lendi.
Imatseguka masiku atatu, mbali imodzi yokha,
kenaka chisanu cha mu Juni chikatsika kuphiri la Domwe
chitseko chija n'kutsekekanso.

Kale ndinkayesa siliva ndi mphuno yomweyi.
Kutikita chibangili pachikhatho mpaka chifunde, n'kununkhiza.
Mkuwa sudziwa kubisala,
umanunkha makobidi akale m'dzanja la thukuta,
pomwe siliva weniweni alibe fungo.
Lero kwa ine zonse n'zasiliva,
ngakhale kapenta wa pabenchi la mnzanga.

Ndiye ndimadalira zotsala.
Maginito amene ndinachotsa muwailesi yakufa,
poti siliva sakopeka.
Kansalu koyera kamene amakadetsa ukamupukuta.
Khutu: mugwetse pasimenti,
wabwino amalira ngwee, mawu n'kutsalira m'mwamba,
wabodza amangogwa ngati batani.
Nambala ija ya 925 musaikhulupirire kwambiri,
chidindo sichifunsa chitsulo dzina.

Lachiwiri kunabwera mayi Jasinta
atamanga kanthu pansonga ya kapulana:
mphete ndi kaunyolo ka m'khosi.
Anati, bambo a Zeferino anandigulira ku Beira
chaka chomwe anayamba kuyendetsa lole.
Sindikugulitsa ayi, ndingofuna kudziwa,
alamu anga akuti n'zitini izi.

Mwamunayo tinamuika mwezi wa Epulo.
Ndinathirako fosholo ziwiri.

Kaunyolo kanathamangira maginito
ngati mwana amene waona amake akutsika basi.
Ndinaphimba ndi dzanja, n'kutsokomola.
Pachala pawo panali kamzere kobiriwira
kamene mkuwa umalemba pa munthu wosauvula.
Zaka khumi ndi zinayi, anatero,
ngakhale pochapa, ngakhale pokumba mbatatesi.

Ndinatikita mpheteyo pachikhatho,
kuifikitsa pamphuno,
kukoka mpweya umene sunalowe.
Ndinati, mayi, ineyo ndimayesa ndi fungo,
ndipo mukuimva nokha mmene ikulirira mphunoyi.
Mudzabwerenso ikadzatseguka.

Anandiyang'ana nthawi yotalikirapo.
Kenaka anamanga mfundo ziwiri pakapulana,
nandiuza za msuweni wawo wa ku Furankungo
yemwe anachira ndi mandimu ndi jinja,
kumwa m'mawa asanalankhule ndi munthu.
Anandisiyira mandimu atatu pasikelo.
Analemera kuposa mphete ndi unyolo pamodzi.

Usiku uno ndafukizanso.
Pansi pa bulangete nthunzi ikuluma zikope,
ndipo kumanzere kwayamba kuboola pang'ono,
fungo la bulugamu lasuzumira
ngati mlendo wamanyazi amene waima pakhomo.
Mkazi wanga akufunsa ali kuchipinda,
ikutseguka eti?

Ndati ayi, sinatseguke.
Loweruka ndi tsiku la msika,
ndipo mayi aja amadutsa cha patebulo langa
akamapita kokagula mchere.